Uphungu wa Kusamala: Kodi Ukuloza kwa Yani?

Masiku ano sabata siitha osamva uphungu wa kusamala chilengedwe. Pa wailesi, m'masukulu, pamisonkhano ya mafumu, ngakhale pa zikwangwani za m'mbali mwa mseu, mawu ake ndi amodzimodzi: tisadule mitengo, tisagule makala, tisataye majumbo paliponse, tiphunzire kusunga. Mawu ameneŵa ngabwino, ndipo palibe munthu wanzeru amene angawatsutse. Komabe mawu abwino nawonso amafunika kuwapima, pakuti mankhwala enieni akamwetsedwa kwa munthu amene sakudwala, wodwalayo amatsala ali chigonere. Nchifukwa chake mwezi uno tikufuna tifunsane, aŵerengi athu: kodi uphungu umenewu ukupita kwa yani, nanga ndani amene ukumulambalala?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti vuto limene alangizi akunena lilipodi. Pa kalembera wa 1977 dziko lino la Malaŵi lidali ndi anthu 5.5 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 chiŵerengerocho chidafika 17.5 miliyoni, koma nthaka ndi yomweyo, mapiri ndi omwewo. Kalembera wa 2018 yemweyo adaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndi kuti mabanja 11 okha mwa 100 ndiwo ankaunikira magetsi. Akuluakulu a ku Blantyre akukumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango yoŵirira, koma ana a lero adalipeza lili mbee. Mu 2015 padafika poti asilikali ankhondo atumizidwe kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene anthu a mu mzinda wa Lilongwe amamwa. Dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo limathera mu mtsinje wa Shire, nkumakasokoneza makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Ndipo palibe amene angaiŵale mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala pa phiri la Soche, nkukwirira mabanja ku Chilobwe. Mvula idali yoopsa payokha, koma phiri losadzitchinga limagonja msanga. Tsono sitikutsutsa za matendawo. Tikufunsa za kaperekedwe ka mankhwala.

Cholakwika choyamba cha uphungu wa masiku ano nchakuti umayankhula ngati kusamala ndi phunziro lachilendo, lobwera m'mabuku a kunja, loti Mmalaŵi aliphunzire kuyambira pa chiyambi. Kodi zimenezi nzoona? Tiyeni tione mmene agogo athu ankachitira ndi chimanga. Ufa unkapita mu mphika. Gaga ankadya nkhuku ndi nkhumba, ndipo chaka cha njala ankapulumutsa anthu. Zitsononkho zinkasonkhezera moto. Mapesi ankamangira mpanda wa bafa, kapena kuwasiya m'munda kuti aolerane. Phulusa la pamotopo silinkatayidwa: ankachezera chidulo chophikira therere, ankakwechera mapoto, ankathira m'chimbudzi kuti muchepe fungo. Nsima yotsala usiku inkadzuka mkute wa ana mmaŵa. Nkhwani, chitambe ndi boŵa za nthaŵi ya dzinja ankazifutsa nkuzisunga m'zikwatu, kuti pofika chilimwe ndiwo zisasoŵe. Madzi otsukira mbale ankathira pa phata la nthochi kuseri kwa nyumba. Kachitini kotha ntchito kankasanduka koloboyi, tayala lakutha linkasanduka nsapato, chitenje chong'ambika chinkasanduka theŵera kapena nkhata. Mayi popita kumsika ankanyamula dengu lake, ndipo denguloko likatha linkabwerera ku dothi osasiya chizindikiro.

Sitikunena kuti kale kudali paradizo. Makolo nawonso ankatentha tchire posaka mbeŵa, ankagwetsa mitengo potsegula mphanje, ndipo kusamala kwawo kwina kudali kokakamizidwa ndi kusoŵa. Tisaiŵalenso kuti ntchito yonseyi inkagwera pa msana wa amayi. Koma luso lidalipo, ndipo m'midzi yambiri likadalipo. Mlangizi amene amafika pamudzi ndi zithunzi zake, naphunzitsa gogo wa zaka 70 kuti zinyalala zina zimabwezeretsa chonde m'nthaka, akuphunzitsa nsomba kusambira. Akadachita bwino kuyamba wafunsa chimene chidatayitsa ana a gogoyo luso la amayi awo.

Cholakwika chachiŵiri, chimene chili chachikulu koposa, nchakuti chala chimaloza kwambiri kwa wosauka. Taganizirani za mayi wa ku Mbayani, ku Mtandire kapena ku Chinsapo, amene bambo wa kunyumba kwake amabwera ndi ndalama ya ganyu ya tsiku limenelo basi. Mayi ameneyu sagula thumba la chimanga. Amagula kaufa ka m'kajumbo, kamene anthu adakatcha wokumani. Mafuta ophikira amagula a m'kachubu, shuga wa m'kapepala, sopo woduladula, makala a pakamulu. Chilichonse chimabwera m'kapulasitiki kakekake, ndipo maŵa zimayambiranso. Tikaŵerengetsa pa mwezi, iyeyu amalipira zambiri pa kilogalamu iliyonse kuposa munthu wa malipiro amene amagula katundu wa mwezi wonse kamodzi. Umphaŵi ngwokwera mtengo. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, timiyulu tomweto tidachepanso.

Tsono mayi wotereyu tikamuuza kuti asiye makala, agule gasi, tikumuuza chiyani? Gasi atha kukhala wopindulitsa pakapita nthaŵi, koma silinda ndi mbaula yake zimafuna ndalama yambiri tsiku limodzi, ndipo ndalama yambiri tsiku limodzi ndiyo iye alibe. Tikamuuza kuti abzale mitengo, abzala pati, poti nyumba ndi ya lendi ndipo khomo lake lapenyana ndi khomo la mnzake? Tikamuuza kuti asataye chakudya, ndi chakudya chiti chimene chimatsala mu mphika mwake? Munthu ameneyu sali wosakaza. M'tauni monse ndiye katswiri wa kusamala, pakuti amadziŵa kuti makala a pakamulu kamodzi apsetsa nsima ndi ndiwo zomwe, ndipo akatha kuphika amazimitsa otsalawo kuti adzagwire ntchito maŵa. Kumulalikira za kusunga nkumuonjezera manyazi pamwamba pa njala.

Chimodzimodzinso wootcha makala. Lamulo la za nkhalango la 1997 lidaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zidakwera. Tonse timawaona anyamata akukankha njinga zolemedwa ndi matumba kuchokera ku Neno ndi ku Mwanza kulinga ku Blantyre, kapena kuchokera ku Dzalanyama kuloŵa mu Lilongwe mbandakucha. Akagwidwa amalandidwa makala ndi njinga yomwe. Kuononga kwawo nkoona, ndipo sitikukuchepetsa: uvuni wa dothi umadya nkhuni zolemera makilogalamu 5 mpaka 10 kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, ndipo mitengo imene amaifuna ndi yachilengedwe yolimba, monga tsanya, muŵanga ndi mombo, imene imatenga zaka makumi kuti ikule. Koma kodi uvuniwo amauyatsa ndani? Mnyamata sangakankhe njinga usiku wonse ngati kutauni kulibe womudikira. Ndipo ogula matumba athunthu si amayi a timiyulu aja. Ndi eni magalimoto amene amaima pamseu pochokera ku ulendo, natsegula kumbuyo kwa galimoto, nakweza matumba aŵiri atatu. M'nyumba zambiri zokhala ndi magetsi ndi chitofu chomwe, nyemba ndi madzi osamba zimaphikidwabe pa mbaula kuseri, kuti mayunitsi asathe msanga.

Pano tiyenera kuchita chilungamo. Magetsi athu akhala osadalirika. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthaŵi yoposa chaka mabanja ankakhala mu mdima maola ambiri. Banja limene lili ndi ana ofuna phala silingadikire magetsi kuti abwere. Palibe angalidzudzule posunga mbaula ya pangozi. Koma pali kusiyana pakati pa mbaula ya pangozi ndi mbaula ya tsiku ndi tsiku m'nyumba imene ingathe kugula gasi, kapena makala a chilolezo ochokera ku mitengo yobzala, monga aja a ku Kawandama m'mapiri a Viphya. Wina alibe njira ina. Wina njira ali nayo, koma palibe amene amamufunsa.

Tiyeni tsono tiloŵe pa geti la nyumba ya munthu wopeza bwino, kumene alangizi safikako kaŵirikaŵiri. Choyamba kutilonjera ndi mpanda wautali wa njerwa zootcha. Ndi mitengo ingati idagwa kuti uvuni wa njerwa zimenezo upse? Mu 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu, koma mipanda ya nyumba za anthu ikumerabe ngati boŵa. Mkati mwa mpandamo, mtengo wa mango umene udapezeka pamalopo adaudula chifukwa umagwetsa masamba, ndipo bwalo lonse adaliwaka simenti, kotero kuti madzi a mvula saloŵanso pansi koma amathamangira kwa anansi a kumunsi. Galimoto amalitsuka ndi payipi yosatseka. Nyale za pakhonde zimayaka dzuŵa lili paliwombo. Mwana amavala matewera ogula otaya, amene saola, ndipo amakathera mu mtsinje wa Mudi kapena wa Lingadzi, kumene amayi ena amachapira. Nsima yotsala imapita kudzala chifukwa ana a m'nyumbamo sadya mkute. Paukwati, mlendo aliyense amalandira chakudya m'kabokosi kotaya ndi madzi a m'botolo la pulasitiki, ndipo mmaŵa mwake bwalo limaoneka ngati padutsa chimphepo. Nyumba imodzi yotere imataya pa sabata zimene mudzi wa agogo sunkataya pa chaka. Nanga bwanji uphungu suyambira pamenepa? Kapena nchifukwa chakuti amene amalemba uphunguwo, nakambirana m'mahotela a kunyanja botolo la madzi lili patsogolo, amakhala m'nyumba zoterezi?

Muzu wa zonsezi tikuuona m'manyazi. Pang'onopang'ono anthu adayamba kuyesa kusamala ngati chizindikiro cha umphaŵi, ndi kutaya ngati chizindikiro cha kutukuka. Mwana wonyamula mbatata yootcha kusukulu amasekedwa ndi anzake onyamula tokamba ta m'mapepala, ngakhale mbatatayo ndiyo ikhalitse m'mimba. Mayi wonyamula dengu m'sitolo yaikulu amaoneka wachimidzi. Bambo wosoketsa nsapato kachiŵiri amatchedwa woumira. Komatu kusamala ndi kuumira nzosiyana kutalitali. Woumira amamana anzake kuti chuma chiunjikane kwa iye. Wosamala amadziletsa yekha kuti zinthu zikwanire onse, alendo ndi adzukulu omwe. Agogo aja amene sankataya ngakhale njere ya chimanga ndiwo amene sankalola mlendo kudutsa pakhomo osalaŵa kanthu. Nkhokwe yawo inkapatsa chifukwa inkasungidwa bwino. Uphungu umene sulimbana ndi manyazi ameneŵa ungosesa pabwalo, m'nyumba muli zinyalala.

Cholakwika chachitatu ndi chikhulupiriro chakuti vuto litha ndi mwambo kapena ndi mphatso. Dziko lino lidayamba kukhala ndi tsiku lobzala mitengo mu 1976, ndipo pambuyo pake tsikulo lidasanduka nyengo yathunthu, kuyambira Disembala mpaka Epulo. Chaka ndi chaka timamva chiŵerengero cha mbande zobzalidwa. Koma mbande imaŵerengedwa tsiku lobzala, pamene kuli nyimbo ndi zithunzi. Ndani amabwerera mu Okutobala kukaona zimene zapulumuka ku mbuzi, ku chiswe ndi ku moto wolusa? Mwana sakula ndi chikondwerero cha tsiku lobadwa. Amakula ndi phala la tsiku ndi tsiku.

Za mphatso, pali phunziro limene lidachokera konkuno. Akatswiri a zaumoyo adachita kafukufuku wamkulu ku Chikwawa ndi ku Chilumba, m'boma la Karonga, kumene mabanja zikwizikwi adalandira mbaula zamakono zochepetsa utsi, pofuna kuona ngati chibayo chichepe pakati pa ana osakwana zaka 5. Zotsatira zake zitatuluka kumapeto kwa 2016, zidaonetsa kuti chibayo sichidachepe. Izi sizitanthauza kuti utsi ngwabwino, kapena kuti mbaula zosunga nkhuni nzachabe. Zikutiphunzitsa kuti chipangizo chongotula pakhomo sichisintha moyo wa banja pachokha. Mwana amapuma utsi wa zinyalala zotenthedwa pabwalo, wa nyale, wa moto wa kwa anansi. Mayi wophikira anthu ambiri amabwerera ku mafuwa mphika ukakula. Apa mpamene chitetezo mbaula imaposa zinzake zokongola: ndi yadothi, amaumba ndi amayi a m'midzi yathu yomweyi, imalandira tinkhuni ting'onoting'ono ndi zitsononkho, ndipo ikasweka ina imapezeka pafupi pa mtengo wofikirika.

Pa majumbo napo pali chodabwitsa. Mu 2015 boma lidaletsa kupanga ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala. Lamulo limeneli lidaloza malo oyenera, pakuti lidapita ku gwero, kwa opanga, osati kwa mayi wogula tomato. Koma ndi lamulo lomweli limene lidakhala zaka likukokedwakokedwa m'makhoti. Bwalo lalikulu la apilo lidagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo, komabe milandu ina idatsatira, majumbo ali mbwee m'misika, m'ngalande ndi m'mimba mwa mbuzi ndi ng'ombe. Dziko la Rwanda lidaletsa majumbo mu 2008, la Kenya mu 2017, ndipo anthu a kumeneko sadaleke kupita kumsika. Tikuona apa kuti lamulo likagwira wa njinga limathamanga, koma likagwira wa fakitale limatsimphina.

Nanga uphungu wabwino ungakhale wotani? Ife tikuti ukhale wopima msinkhu, wopempha kwa aliyense molingana ndi mphamvu zake. Zilipo zimene banja lililonse lingachite osatulutsa tambala. Mphika wovundikira umaŵira msanga kuposa wapululu. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku zimapsa ndi moto wochepa. Nkhuni zouma zimapereka moto, pamene zaziŵisi zimathera mphamvu poumitsa madzi ake omwe nkumangofuka utsi. Mbaula yoikidwa pamalo otchingika mphepo siimwaza kutentha. Ndiwo zikakonzedweratu moto usanayatsidwe, makala sapsa pachabe. Dengu kapena kachikwama kansalu kamagwira ntchito chaka chathunthu.

Amene ali ndi munda ali ndi zambiri m'manja mwawo. Nandolo amapatsa ndiwo, amakonza nthaka, ndipo mitengo yake ikauma ndi nkhuni. Msangu umayoyola masamba nthaŵi ya mvula, motero suphimba chimanga koma umachidyetsa. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chikaphukira, kuchitengulira nkusiya nthambi ziŵiri kapena zitatu kumabweza mtengo msanga kuposa mbande yatsopano, chifukwa mizu ilipo kale. Ndoŵe, phulusa ndi gaga, zosakaniza ndi feteleza pang'ono monga amachitira alimi opanga manyowa a Mbeya, zimatambasula thumba limodzi kuti lifike patali.

Koma katundu wolemera apite kwa amene ali ndi mapewa. Wa malipiro a pamwezi ndiye woyamba kusiya makala a m'nkhalango. Ndiye angathe kugula silinda ya gasi, kapena poto wamagetsi wotsekera nthunzi amene amapsetsa nyemba ndi mayunitsi ochepa. Ndiye angathe kumanga ndi mabuloko a simenti, kapena kubzala mpanda wa mitengo. Ndiye angathe kuika mababu osadya magetsi, kusiya mtengo wa mango uli chiimire, ndi kukonza ukwati wa mwana wake ndi mbale zotsuka. Iyeyu akayamba, manyazi aja adzatha, pakuti anthu amatsanzira wa pamwamba. Dengu likadzaoneka m'manja mwa mkazi wa bwana, palibe adzalitchenso lachimidzi. Ndipo abambo asaime patali ngati nkhani ya kukhitchini siikuwakhudza. Utsi amapuma ndi mayi, mtolo amasenza ndi mtsikana, koma m'mabanja ambiri ndalama yogulira mbaula yabwino ili m'thumba la bambo.

Osauka nawo ali ndi chida chimodzi chimene adachipeza okha, ndicho kugwirizana. Chikuni chimodzi sichipsetsa mphika. Amayi a banki mkhonde amene amasonkherana ndalama sabata ndi sabata angathe kugula thumba la ufa kapena chigubu cha mafuta pamodzi nkugaŵana, aliyense m'chiŵiya chake. Potero mtengo utsika, timapulasitiki tichepa. Mlangizi wofunadi kuthandiza ayambire pamenepo, pa kuchotsa chimene chikumanga manja a mayi uja.

Potsiriza, tisanamizane kuti khomo palokha lingasenze denga lonse. Banja lingasankhule zinyalala zake bwinobwino, koma ngati khonsolo siibwera kudzatenga, zidzathera mu mtsinje. Banja lingafune kuphikira magetsi, koma ngati nthambo sizidafike, kapena magetsi akuzimazima, lidzabwerera ku makala. Kusamala kwa pakhomo ndi udindo wa boma zili ngati mafuwa: limodzi likachoka, mphika ugwa. Choncho nzika yosamala m'nyumba mwake ili ndi ufulu wonse wofunsa akhansala ndi aphungu ake za galimoto la zinyalala, za mtengo wa gasi ndi za malamulo amene amagona m'makabati.

Alangizi athu apitirize kulangiza, pakuti nthaŵi yatha kale ndipo madzi akatayika saoleka. Koma asanatsegule pakamwa ayambe aona amene waima patsogolo pawo. Ngati ndi gogo wa chikwatu, akhale pansi amvetsere. Ngati ndi mayi wa kamulu ka makala, amufunse chimene chingamupeputse. Ngati ndi mwini mpanda wa njerwa, amuuze zoona mosaopa nkhope. Ndipo inu aŵerengi, madzulo ano moto ukayaka pakhomo panu, tayang'anani chimene chikuyakacho, mudzifunse kumene chachokera, ndiponso ngati m'dera lanu simuli m'gulu la amene angathe kuyamba.